Bambo Awiri a M'kompyuta

3 Febuluwale

Wokondedwa Injiniya wanga,

Landira moni kuchokera pa mpando wa pakhonde, pomwe amayi ako andikhazika ngati duwa la m'chitini. Kaya uli bwanji kumeneko? Kuno amayi ako ali bwino, shopu yawo yochapa ndi kusita zovala ikuyenda, ndipo mphaka wabereka m'katoni ya mahang'ala. Ine ndiye ndili ndi kankhani. Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa pa foni umangoti "mmm, mmm" uku zala zikugogoda kompyuta, komanso makutu anga masiku ano amasankha zoti amve.

Sabata yatha ndimaphunzitsa galimoto mayi uja wogulitsa nsalu, amene walephera mayeso kambirimbiri mpaka woyesa amachita kumufunsa za ana ake. Tikulowa pa raundabauti ndinangoona mdima. Potsitsimuka ndinali pa bedi la kuchipatala. Mayiyo anandiyendetsa yekha, kusintha magiya, kuyatsa indiketa, mpaka kuimika galimoto chobwerera pakati pa maambulansi awiri osakhudza ngakhale imodzi. Zaka zonsezi ndimati vuto lake ndi klatchi, kani vuto linali ine kukhala maso.

Adokotala akuti mtima wanga wayamba kuiwala. Umagunda bwinobwino, kenako umaima kaye ngati munthu amene walowa kuchipinda n'kuiwala chomwe wadzatenga. Akufuna kundiika kabatire pansi pa khungu, apa pachifuwa, koti kazikumbutsa mtimawo. Andiletsa kuyendetsa mpaka atakaika. Ndiye galimoto yangoti phee pansi pa mtengo, mbalame zikuisandutsa chimbudzi, ndipo ophunzira anga akuthawira kwa uja wa tsidya la msewu amene amaphunzitsa ali pa foni.

Ndinawauza adokotalawo kuti ine ndili ndi mwana amene ntchito yake ndi imeneyi, kuyesa mapulogalamu a tizipangizo ta kuchipatala ngati timachita zinthu pa nthawi yake, ndipo sindilola mpeni mpaka iye atanena. Anandiyang'anira pamwamba pa magalasi n'kundiuza kuti ndisachedwe. Choncho ndilembere mzere umodzi wokha, woti kabatire aka sikadzalephera. Ukatero ndipita ndikuimba mluzu.

Amayi ako akuti uzidya, pachithunzi chija khosi latalika.

Ndine bambo ako,
Mphunzitsi wopanda galimoto


11 Febuluwale

Okondedwa Bambo,

Kalata yanu ndaiwerenga nditaimirira pa masitepe a kuntchito. Ndinaseka za mayi wa nsalu uku misozi ikutsika, mpaka mlonda anandibweretsera mpando. Mwandiopsa, Bambo. Amayi muwapatse moni, muwauze kuti khosili ndi lomwe anandipatsa okha.

Mzere mwapemphawo sindingaulembe momwe mwauneneramo. Musataye kalata, werengani mpaka pansi. Kabatire kanuko sikanadutse m'manja mwanga, anakapanga ndi anthu ena. Chomwe ndikudziwa ine ndi momwe tizipangizo totere timayesedwera.

Ntchito ya kabatireko ndi yanu yomwe ija. Mumakhala pambali pa wophunzira, phazi lili pamwamba pa buleki yanu, osaponda. Akaponda yekha mumangokhala, akachedwa mumaponda inu. Nakonso kamamvetsera mtima. Ukagunda wokha kamakhala chete, ukachedwa kupitirira nthawi yomwe adokotala aika kamaugwedeza pang'ono. Kakapupuluma ndi vuto, kakachedwa ndi vutonso.

Ife ndiye timamanga chifanizo cha kachipangizoko ndi cha mtima m'kompyuta, chokhala ndi timawotchi take. Kenako timafunsa funso limodzi losazungulira: kodi pali njira iliyonse yoti mtima ukhale chete kupitirira malire, kachipangizo osachitapo kanthu? Kompyuta imafufuza njira zonse osasiyako, ngati woyesa amene wayendetsa wophunzira m'misewu yonse ya m'tauni pa liwiro lililonse. Ikapeza njira imodzi yoipa imatilozera kuti kuyambira apa, kudzera apa, kukagwera apo. Ikapanda kupeza ndiye kuti tatsimikiza ndi masamu. Koma tatsimikiza za chifanizocho, osati za chifuwa chanu. Zomwe sitinaike m'chifanizo masamu sazidziwa.

Nthawi zina njirazo zimachuluka moti kompyuta singazimalize. Zikatero timasintha. Timayendetsa chifanizocho maulendo masauzande, ulendo uliwonse zinthu zikugwa mosiyana ngati maere, n'kuwerenga kuti chalephera kangati. Yankho lake silikhala loti sizingachitike. Limakhala loti mwayi wake ndi wochepa chonchi, ndipo chikhulupiriro chathu pa nambala imeneyo n'chachikulu chonchi.

Tichite chonchi. Pemphani adokotala pepala lija la mizere yokwera ndi kutsika, lomwe makina awo analembapo kagundidwe ka mtima wanu. Munditumizire, ndimange mtima wanuwo m'kompyuta muno nthawi yopuma, tione. Koma deti ya opaleshoni tengani, musadikire ine.

Ndine mwana wanu


20 Febuluwale

Injiniya,

Tili bwino, kaya iwe. Ndinapempha mzere umodzi, wanditumizira silabasi. Komabe ndaiwerenga kawiri, kachitatu ndawerengera a kometa tsitsi ndi onse amene anali pa benchi. Ometawo akuti nawonso uwaike m'kompyuta, bondo lawo limalira akamakwera basi.

Za buleki zandigwira mtima. Ndiye kuti akufuna kundiika mphunzitsi m'chifuwa? Bola akhale waulemu, asamakuwe ngati ine.

Pepala lija ndi ili. Anamwino amakana nalo, ndinachita kuwauza kuti likupita kwa injiniya, mpaka anandijambulira lina. Pakona pali banga la tiyi, usaliwerenge ngati matenda.

Tsopano wanena wekha kuti zomwe simunaike masamu sazidziwa. Safunsa anadya phula, ndiye ika izi. Ika kuyetsemula kwanga, ukukudziwa, kuja kumathawitsa mphaka pa sofa. Ika wophunzira akaponda mafuta m'malo mwa buleki kutsogolo kuli basi, chifukwa pamenepo mtima wanga umathamanga kuposa galimoto. Ika masitepe a kuofesi ya malaisensi, omwe anamangidwa ndi munthu wodana ndi okalamba. Ikanso amayi ako akandipeza ndikuthira shuga wachiwiri m'tiyi. Ngati kabatireko kangapirire zimenezi, ndiye kuti ndi kamunthu.

Deti andipatsa, ndi pa 25 Malichi. Amayi ako ailemba pa kalendala ndi cholembera chija amalembera zovala za makasitomala, chosafufutika ngakhale ndi sopo. Kukhala pakhomo kwanditopetsa. Dzulo ndinayesa kuwathandiza kusita, ndaika mizere iwiri pa thalauza limodzi la aloya, ndipo andichotsa ntchito tsiku lomwelo popanda chenjezo.

Undiuze msanga zomwe wapeza.

Bambo ako


2 Malichi

Bambo okondedwa,

Ndili bwino, ndipo ndili ndi uthenga wabwino. Tsopano ndili ndi abambo atatu. Inu muli kunyumbako, awiri ali m'kompyuta yanga pano pa desiki, pakati pa kapu ndi kamtengo kouma komwe ndimaiwala kuthirira. Onse awiri ali ndi mtima wa papepala lija. Mmodzi ndamuika kabatire, ndamutcha Bambo Womvera. Winayo wakana, ndamutcha Bambo Wamakani. Mnzanga wa desiki yoyandikana, amene timamuti Magalasi, amawapatsa moni m'mawa uliwonse asanandipatse ine.

Bambo Wamakani akundimvetsa chisoni. Ndawayendetsa maulendo masauzande, ulendo uliwonse ngati chaka chimodzi cha moyo wawo, ndipo m'maulendo ambiri amagwa chaka chisanathe. Amagwa pa masitepe, amagwa pa raundabauti, amagwa atangokhala osachita kanthu. Ndikawadzutsa amayambanso, osaphunzirapo chilichonse. Nambala zake musazitenge ngati za adokotala, chifukwa pepala limodzi si moyo wonse, koma komwe zikulozera n'koonekeratu.

Bambo Womvera ndiye ndawafufuza njira zonse. Kompyuta yagwira ntchito masana onse n'kubwera ndi yankho loti palibe njira yomwe mtima wawo ungakhale chete kupitirira malire. Basi ndaiika, masitepe ndawaika, shuga wa Amayi ndamuika ngati mtima wothamanga mwadzidzidzi. Zonse adutsa.

Kuyetsemula kokha ndiko kunandipatsa ntchito, ndipo ndikuthokozeni. Poyamba kompyuta inandilozera njira yoipa: mwayetsemula, kabatire kamva phokoso, kaganiza kuti mtima wagunda, kangokhala. Ndinachita thukuta. Nditafufuza ndinapeza kuti wolakwa ndine, ndinaiwala kuika m'chifanizo sefa yomwe tizipangizo tenitenito timakhala nayo yosiyanitsira phokoso ndi kugunda. Nditaika, njira ija inatsekeka. Magalasi akuti bambo anga akanakhala woyesa wabwino kuposa theka la anthu a muofesi muno.

Ngati pali zina zomwe zikukudetsani nkhawa, tumizani. Ntchito imeneyi ikundikomera kuposa yomwe amandilipira.

Amayi asapse mtima kuti ndikugwetsa amuna awo tsiku ndi tsiku. Ndimawadzutsa ndithu.

Mwana wanu


10 Malichi

Injiniya wanga,

Moni wa kuno ndi womwewo. Amayi ako atamva za Bambo Wamakani anati sanadabwe, akuti amenewo ndiwo anakwatiwa nawo, enawo sakuwadziwa. Ine ndakhumudwa pang'ono kuti mwamuna mnzanga akugwa chonchi pamaso pa Magalasi. Uziwaveka bwino.

Koma taona, mwana wanga. Kuyetsemula kokha kunakupezetsa bowo. Ukuti linali lako, chabwino, koma bowo ndi bowo. Ndiye pali zina. Woyandikana naye nyumba uja amawotcherera zitsulo, ndipo akayatsa makina ake wailesi yanga imalira ngati chule. Ika zimenezo. Ika foni ili m'thumba la shati. Ika ndikulumikiza mabatire a galimoto ziwiri m'mawa kukuzizira. Ika mphezi. Ika ntchintchi, zija zimandigwira ndikadya mofulumira.

Ndipo usaike chimodzichimodzi. Pamsewu ngozi sibwera yokha ngati mlendo waulemu. Imabwera mvula ikugwa, galu akuwoloka, wophunzira akufuna giya yachiwiri m'thumba la chitseko. Ndiye uziphatikize: ndikuyetsemula, uyo akuwotcherera, mphezi ikung'anima, foni ikulira, ine ndili pa sitepe yomaliza. Uzisinthanitsenso, ichi chiyambe, icho chitsatire, kenako chobwerera.

Usandiseke. Masiku ano ndikagona chagada ndimaumvetsera mtimawu, ndipo ukaima kaye ndimawerenga chamumtima ngati ndikudikira getsi lofiira. Amayi ako ndisawauze, angandiletse ndi kugona komwe.

Chikwama cha kuchipatala alongedza kale, aikamo mapijama atsopano omwe sindinawaonepo. Ndikudikira yankho lako.

Bambo ako


26 Malichi

Bambo,

Moni nonse. Pepani kuti adokotala asuntha deti monga munandiuzira pa foni dzulo. Zimachitika, amakhala ndi anthu ambiri. Ubwino wake ndi woti ndapeza mpata womaliza ntchito yathu ija.

Kukhala chete kwanga kunali kwa kompyuta. Zinthu munandipatsa zija, kuziphatikiza ndi kuzisinthanitsa, zabala njira zochuluka moti kompyuta imadzaza n'kuzima isanafike ngakhale pakati. Yazima katatu. Magalasi anandibwereka yake yaikulu, nayonso yagwada. Akuti bambo anga okha athyola makina omwe apirira mapulogalamu a chipatala chonse. Ndiye ndasiya kufufuza njira zonse, ndabwerera ku maulendo a maere aja. Mpaka pano Bambo Womvera sanagwepo, koma ndikufuna ndionjezere maulendo kuti nambala ilimbe, ndipo mphezi sindinaiike bwino. Mundipatse masabata awiri kapena atatu.

Mwana wanu


27 Malichi

Mzime wanga,

Ndine amayi ako. Ukudziwa kuti sindikonda kulemba, dzanja langa ndi la ayironi, ndiye ukaona kalata yanga ukhale pansi. Kuno sitili bwino kwenikweni.

Adokotala sanasunthe deti. Anasuntha ndi bambo ako. Madzulo a tsiku loti mawa apite unaimba foni, anakufunsa kuti wapeza chiyani, iwe unati sunamalize, pali kena kake kakukuvuta. Atatseka foni anasiya tiyi pa tebulo n'kukagona. M'mawa ndinawapeza atatulutsa mapijama m'chikwama, akuti mwana wapeza bowo koma akuopa kutiuza, apo ayi bwenzi atalemba kalekale. Ndinalankhula mpaka mawu kutha. Anakana, n'kudzakunamizanso iwe pa foni ine ndili pompo, maso ali gwa.

Dzulo agwanso. Anabwera kushopu kudzandipepesa m'njira yawo, yomwe ndi kuimirira pakhomo n'kumandiuza kuti ndaika fani pamalo olakwika. Ali pakati pa mawu anangoti khwefu. Mwayi wake anagwera pa mulu wa mashiti oyala pa mabedi a kuhotela, ayironi yotentha ili pafupi ndi khutu lawo chonchi. Atatsitsimuka chinthu choyamba kufunsa chinali choti mashitiwo anali ochapa kale kapena ayi. Ndinaseka, kenako ndinalowa kuseri kwa makina ochapira n'kukalira.

Tinabwerera kuchipatala. Adokotala sanakalipe, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandiopsa. Atipatsa pa 9 Epulo. Anena kuti ulendo uno munthu anagwera pa mashiti, ulendo wina sakudziwa.

Bambo ako ali ndi mafunso ena kale. Akuti chigayo cha tsabola, akuti chitseko cha kubanki chija chimalira, akuti kuseka kwambiri. Ndawauza kuti sindikutumizira. Mwana wanga, ine masamu anu sindiwadziwa ndipo sindikuwanyoza, ndi omwe anakufikitsa pomwe ulipo. Koma munthuyu akuopa, ndipo mafunso ake sadzatha chifukwa akatha ndiye kuti ayenera kupita. Iwenso ukuwayankha mokondwa ngati mukusewera bawo. Inu awiri ndinu amodzi, mukachita mantha mumafunsa mafunso. Ndionetsetse anathetsa nkhosa.

Ine samandimvera, akuti ndine wa zovala. Adokotala akuti ndi achilendo. Watsala iwe. Ndikufuna mwamuna wangayu, ndi makani ake omwewo.

Amayi ako


31 Malichi

Bambo,

Kalata iyi ndaipereka kwa dalaivala wa basi kuti ifike lero lomwe. Ya Amayi ndailandira. Yanga yomaliza ija, yopempha masabata atatu, ing'ambeni, ndikuchita nayo manyazi.

Bowo palibe. Chomwe chimandivuta chinali kompyuta kudzaza, osati kabatire. Ndikanayenera kunena momveka, ndipo inunso simukanayenera kundinamiza. Tonse tili ndi mlandu kwa Amayi, tidzaupepesa pamodzi.

Kompyuta ndaizimitsa. Sindiikanso china chilichonse, kaya chitseko cha kubanki, kaya chigayo cha tsabola. M'ntchito yathu yankho lolondola likafika nthawi itadutsa timaliwerenga ngati lolakwa, chimodzimodzi kabatire kogwedeza mtima munthu atagwa kale. Ndimaphunzitsa zimenezi kwa atsopano muofesi, koma pa bambo anga ndinaziiwala. Ndikuuzeni chifukwa chake. Abambo a m'kompyutawa akagwa ndimadina batani n'kudzuka. Zimanditonthoza. Ndimakhala nawo mpaka onse ataweruka chifukwa ndimaopa kuganiza za inu amene mulibe batani.

Zomwe ndikudziwa ndi izi. Pa zonse zomwe kompyuta inatha kufufuza mpaka kumapeto, Bambo Womvera alibe njira yogwera. Pa zophatikiza zija, m'maulendo onse omwe ndayendetsa sanagwepo, ngakhale sindingalumbire kuti njira yoteroyo kulibe. Za kuwotcherera ndi foni adokotala adzakupatsani malangizo, muwatsatire. Zomwe sindikudziwa ziliponso: dzanja la adokotala tsiku limenelo, momwe bala lidzapolere, ndi zina zomwe palibe waziganizapo. Bambo Wamakani ndiye mukudziwa kale, simukufunanso kompyuta, mwawaona pa mashiti.

Kuntchito kuno palibe kachipangizo komwe kamatuluka mafunso onse atatha. Limafika tsiku, tonse timakhala pa tebulo, timayala zomwe tatsimikiza ndi zomwe zatsala, kenako munthu mmodzi amasaina dzina lake. Masamu sasaina, amasaina ndi munthu, akudziwa kuti pali zomwe sakuzidziwa. Ine ndasainapo za ana a eni ake. Lero ndikusaina za inu.

Sindinganene kuti sikadzalephera. Ndikunena kuti pitani. Chikanakhala chifuwa changa ndikanapita, ndipo chifuwa chanu ndimachikonda kuposa changa.

Tchuthi ndapempha, andipatsa. Ndifika pa 8 ndi basi ya masana. Mapijama abwerere m'chikwama ndisanafike.

Ndine mwana wanu, Injiniya
Ndasaina


17 Epulo

Mwana wanga,

Ndikhulupirira unafika bwino ndipo Magalasi sanakulande mpando. Kuno tili bwino. Bala likupola, likungoyabwa, ndipo amayi ako amandimenya dzanja ndikafuna kukanda. Dzanja lamanzere andiletsa kulikweza m'mwamba kwa kanthawi, ndiye ndapuma pa ntchito yoyanika makatani. Adokotala akuti akandionanso n'kukhutira adzandilola kubwerera m'galimoto. Ndatuma kale anthu akaitsuke.

Masiku onse unali kuno tinalankhula za basi, za mitengo ya matayala ndi za ana a mphaka. Zenizeni sindinathe kukuuza pamaso, ndiye ndilembe.

Kalata yako ija ndinaiwerenga kamodzi kokha, osaitengera kometa. Ndinakwiya kaye. Ndinati mwana uyu ndinamulipirira sukulu zaka zonsezi kuti adzandiuze kuti sakudziwa? Kenako ndinakumbuka kuti inenso palibe wophunzira yemwe ndinamuperekapo ku mayeso nditamudutsitsa misewu yonse. Limafika tsiku ndimatsika m'galimoto, ndimatseka chitseko, ndimamenya denga kawiri, iye n'kumapita. Ndimatsala pambali pa msewu, koma ndimatsika ndithu. Sindimadziwa kuti ndi mmene zimamvekera ukakhala iwe amene watsala m'katimo.

Ndinkaopa, mwana wanga. Pa kabedi ka matayala kaja mluzu womwe ndinalonjeza sunatuluke. Unandigwira phazi pa chitseko chomaliza n'kunena kuti, "Pitani, Bambo, tili pompano." Mawu amenewo analibe masamu, koma ndi omwe ndinalowa nawo.

Mphunzitsi wa m'chifuwayu ndi waulemu. Sindimumva n'komwe. Dzana ndinayetsemula mpaka supuni kugwa pa tebulo, amayi ako anandiyang'ana, ine ndinawayang'ana, tinadikira. Palibe chinachitika. Anangoti nditole supuni.

Tsopano ndili ndi pempho limodzi, ndipo si funso, usaope. Ndi za mnzanga uja wa m'kompyuta, Bambo Wamakani. Ndakhala ndikumuganizira. Munthu uja si wamakani ayi, ndikumudziwa bwino, ndi wamantha chabe, ndipo wagwa maulendo masauzande popanda womuyalira ngakhale shiti limodzi. Usamufufute. Ukayatsa kompyuta mawa, umudzutse bwinobwino, umuuze kuti ine ndapita ndipo ndabwerako. Kenako umuike kabatire nayenso. Wagwa mokwanira.

Ndine bambo ako